Ndudu Zitatu za Agogo a Pakachere

Chaka chatha, mvula itangoyamba, ofesi ya zantchito ya m'boma lathu lino inalengeza kuti onse ogwira ntchito m'menemo azivala malaya a maluwamaluwa a batiki Lachiwiri, osati Lachinayi monga zinkakhalira kale. Chilengezocho chinalembedwa pachinsalu chachikulu chimene anachipachika pakhomo, ndipo m'munsi mwake munali chithunzi cha mkulu wa ofesiyo akumwetulira, manja ataphatikiza pachifuwa. Ankati kusinthako kuthandiza kufikitsa chilungamo pafupi ndi anthu apantchito. Sanafotokoze kuti malaya achinyamula bwanji chilungamocho, koma ife akuno ku Java tinaleredwa bwino: wamkulu akalankhula timagwedeza mutu, kufunsa timakafunsira kunyumba.

Amene anachiwerenga chinsalucho koposa wina aliyense ndi Kasmirah, mayi wopichira ndudu, poti benchi ya odandaula inayang'anizana nacho. Anachiwerenga mpaka kuchiloweza, ngakhale sukulu sanapite nayo patali. Chimene chinamukhazika pabenchipo sichinali chachikulu m'maso mwa boma. Anamutchula wakuba pamaso pa amayi anzake onse a pafakitale, ndipo ankafuna kuti pakamwa pomwe panatuluka mawuwo pawabweze, amayi omwewo akumva. Basi.

Kasmirah anabadwira m'mudzi wa pakati pa madimba a mpunga, kwa bambo amene anakolola mpunga moyo wawo wonse popanda kukhala ndi ndime yawoyawo. Atangotha msinkhu, azakhali ake anamukweza panjinga n'kukamutula pageti ya fakitale ya ndudu za Mitsuko Iwiri. Ntchito yopichira ndudu pamanja imagwiridwa awiriawiri. Wina amapichira: amayala kapepala pakachipangizo kamatabwa, amatsinirapo fodya wosakaniza ndi chengke, timaluwa touma tija timene timachititsa ndudu zathu kuthetheka poyaka, n'kukoka kamtengo, ndudu yabadwa. Mnzake, wokhala moyang'anana naye, amadula nsonga zonse ziwiri ndi sizasi n'kumanga m'mitolo. Malipiro amatengera kuchuluka kwa zimene awiriwo apanga, choncho wopichira akadwala chimfine wodula amagona ndi njala. Maukwati ambiri salimba chonchi.

Anayamba ndi sizasi, kenako anakwera n'kukhala wopichira, ndipo pabenchi limodzi anakhalapo zaka zoposa makumi atatu. Mnzake wodula anali Warsi, mayi wamfupi wolongolola, amene ankatha kudula ndudu, kudya miseche ndi kutafuna chinangwa chokazinga nthawi imodzi, osadzicheka chala. Zala za Kasmirah zinasanduka zachikasu, msana unapindika pang'ono kumanja, ndipo fungo la chengke linamulowerera m'khungu kotero kuti makondakitala a minibasi sankamufunsa kotsikira. Iyeyo ndudu sanaiyikepo pakamwa. Anakwatiwa ndi Sarmin, womata matayala a njinga m'mphepete mwa msewu, munthu wa nthabwala zambiri ndi makasitomala ochepa. Ana awo awiri anakula ndi thukuta la pabenchipo n'kupita kukagwira ntchito kutsidya la nyanja. Mbiri ya moyo wake ikanathera pomwepa, ndipo ikanakhala mbiri yabwino, pakanapanda mtengo.

Kuseri kwa holo yopichiramo kuli mtengo waukulu wa kachere, umene unalipo fakitale isanamangidwe. Mwini fakitale woyamba, malemu Bambo Wongso, anakana kuudula. Ankati m'mtengomo muli mwini malo weniweni, ndipo iwo ndi makoma awo ndi alendo chabe. Mwini maloyo dzina lake sitilitchula, timangoti Agogo. Bambo Wongso analamula kuti Lachinayi lililonse, dzuwa likapendeka, Agogo azipatsidwa khofi wopanda shuga, timaluwa patsamba la nthochi, lubani, ndi ndudu zitatu zoyamba kupichiridwa tsikulo, zisanawerengedwe, zisanalowe m'paketi. Mwini nyumba sapatsidwa zotsala. Lamuloli silinalembedwe paliponse. Ndani amalemba kuti mlendo azipereka moni? Mayi amene ankapereka nsembeyo atapuma pantchito, Bambo Wongso analoza Kasmirah ndi ndodo yawo nati, "Iwe uli ndi dzanja labwino. Uzichita ndiwe."

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse ndudu zitatu zoyamba zinkalowa m'thumba la epuloni yake. Aliyense ankadziwa. Khofi ankagula ndi akapitawo, Bambo Mulyadi, amene ankamupatsira m'kapepala uku akuyang'ana kumbali. Pofika Lachisanu m'mawa ndudu zinkapezeka zitapita, ndipo alonda ankanunkha chengke. Izinso aliyense ankadziwa. Warsi ankati Agogo alibe mapapo, amabwereka a alonda.

Bambo Wongso atamwalira, adzukulu awo, amene amakhala kunja ndipo fodya amanyansidwa naye kupatula phindu lake, analemba munthu wophunzira kuti aziyang'anira antchito. Dzina lawo Bambo Bayu, a nsapato zosongoka ndi mafuta onunkhira. Anabwera ndi zinthu ziwiri: makamera kudenga, ndi mphekesera yoti kukubwera makina amene satopa, satenga mimba ndipo sapita kumaliro. Tsono lamulo limati wantchito wakale ukamuchotsa wopanda cholakwa umupatse phukusi lolingana ndi zaka zake, koma wakuba amangopita ndi patapata wake. Bambo Bayu lamulo ankalidziwa bwino. Anthu amene amatipweteka kwambiri kawirikawiri amakhala olidziwa.

Linali Lachinayi, belu loweruka litangolira. Amayi mazanamazana anali akupanikizana pakhomo la holo, ena atavala kale zisoti za njinga zamoto pamwamba pa mipango. Kasmirah anakhotera njira ya kumtengo, tsamba la nthochi lili m'manja. Mlonda wamkazi anamugwira pamkono. Bambo Bayu anali ataimirira pabokosi, kuti aoneke.

"Mayi, tatulutsani zili m'thumbazo."

"Ndi za Agogo, bwana."

"Agogo anu amasuta?"

"Si anga ndekha, bwana. Ndi a tonse. A pakachere aja."

Ena anaseka, koma kusekako kunazima msanga. Mlonda anapisa m'thumba natulutsa ndudu zitatu. Bambo Bayu anazikweza m'mwamba ngati munthu amene wapha njoka.

"Taonani nonse! Kamera yakhala ikuwaona mayi awa sabata ndi sabata. Akalambira pano, akudya za kampani, kumbali akuba. Wakuba sakhala ndi nyanga, amayi inu. Amakhala nanu benchi limodzi."

Kasmirah anatembenuka kufuna akapitawo. Bambo Mulyadi anali pomwepo, atavala kachisoti koyera, poti chaka chimenecho anali atangobwera kumene ku Maka ndipo tsopano ankatchedwa a Haji. Anali akuyang'anitsitsa wotchi yawo ngati yawauza nkhani. Anafuna Warsi. Warsi anali atawerama, akukonza lamba wa patapata amene sanaduke.

Anamuvula epuloni pomwepo. Tsamba la nthochi analizindikira atafika pakhomo pa nyumba yake, likadali m'manja, timaluwa titafota.

"Ndudu zitatu?" anatero Sarmin atamva. "Mayi a ana, mwandichititsa manyazi. Anzanu akuba milatho yathunthu ndi misewu yomwe, inu ndudu zitatu? Bwenzi mutandibweretserako imodzi, tikanati mlandu uli ndi phindu."

Kasmirah sanaseke. Sarmin atayang'ana nkhope ya mkazi wake, nthabwala yachiwiri anaisiya. Ananyamuka n'kukatereka madzi a tiyi, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatirane.

Ululu weniweni unabwera patapita masabata angapo, paukwati wa mwana wa aneba. Pakakhala ukwati amayi a m'mudzi amasonkhana kudzaphika, ndipo kwa zaka zambiri kachipinda kosungiramo shuga, mafuta ndi mazira ankakasiya m'manja mwa Kasmirah, poti kwa iye sikunkasowa ngakhale njere ya tsabola. Tsiku limenelo mwini ukwati anamulandira ndi manja awiri, namukhazika panja kuti azisenda anyezi. "Mupumeko, achemwali, mwakhala mukutopa nazo za kuchipinda zija." Pakhomo la kachipindako panakhala mlamu wa mwini ukwati, makiyi atawamangirira pampango. Palibe amene ananena mawu oipa. Ife sitinena mawu oipa. Kasmirah atanyamuka kukatenga mpeni wina, mayi wina anasendeza chikwama chake ndi phazi, pang'onopang'ono, uku akumufunsa za ana. Anyezi anamuthandiza tsiku limenelo. Palibe amene anafunsa za misozi.

M'mawa mwake anakwera minibasi kupita ku ofesi ya zantchito. Tsiku loyamba anamuuza kuti woona za madandaulo ali kumsonkhano wokambirana za kufulumizitsa madandaulo. Tsiku lina anali kumaphunziro. Tsiku linanso analipo, koma anali akuyesedwa malaya. Potsiriza chitseko chinatseguka, ndipo Kasmirah anakhala kunsonga kwa mpando pamaso pa Bambo Wiyoto, mkhalapakati wa boma, munthu wonenepa wa mawu ofewa. Pachala pawo panali mphete ya mwala wobiriwira, imene ofesi yonse inkadziwa kuti inachokera kwa sing'anga chaka chimene anakwezedwa.

"Mayi, musadere nkhawa. Ufulu wanu ndi wochuluka zedi," anatero. "Muli ndi ufulu womvedwa musanachotsedwe. Muli ndi ufulu woti mlandu utsimikizidwe kaye."

"Anandichotsatu kale, bwana."

"Eya, ndiye muli ndi ufulu wodandaula, umene mukuugwiritsa ntchito bwino kwambiri pakali pano. Mukambirana ndi abwana anu pawiri. Zikakanika, patatu, ine ndili pakati. Zikakanikanso, ndimalemba malangizo."

"Malangizowo akawakana?"

"Muli ndi ufulu wokasuma kubwalo la kulikulu la chigawo."

"Kumeneko zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

Bambo Wiyoto anamuyang'ana mwachifundo. "Muli ndi zaka zingati, mayi?"

Anatuluka atalemedwa ndi ufulu, ngati munthu amene wasenzetsedwa madengu ambiri opanda kanthu.

Kukambirana kwa pawiri kunatha tiyi asanazizire. Patsiku la patatu, Bambo Bayu anabwera ndi kompyuta yawo naonetsa kanema. Kasmirah anadziona koyamba kuchokera kumwamba: kamayi kakang'ono ka mpango wotuwa, dzanja likuchoka pabenchi, likulowa m'thumba. Zinaonekadi ngati kuba. Ukayang'anira kudenga, chilichonse chimene wosauka achita ndi dzanja lake chimaoneka ngati kuba.

Anafotokoza zonse, kuyambira pa ndodo ya Bambo Wongso mpaka pa khofi wopanda shuga.

"Ndiye kuti katunduyu sankatuluka pageti?" anafunsa Bambo Wiyoto.

"Ayi, bwana. Ankathera pamtengo."

"Kampani ilibe wantchito, kasitomala kapena mwini gawo wotchedwa Agogo," anatero Bambo Bayu. "Ndafufuza."

"Olandira katunduwo sangabwere kudzachitira umboni?" Bambo Wiyoto anaseka nthabwala yawoyo, kenako anasiya, nasisita mphete yawo uku akusuzumira pazenera. Munthu sudziwa amene akumva. "Chabwino. Tiitane amoyo."

Oyamba kulowa anali a Haji Mulyadi. Anapereka moni wautali wachipembedzo, nakhala pansi ngati munthu wovala zoyera amene wakhala pafupi ndi makala.

"Bwana, ine ndine munthu wa Mulungu mmodzi. Zopereka nsembe pamitengo ashehe amatiletsa Lachisanu lililonse. Ine ndingalowemo bwanji m'zimenezo?"

"A Haji," anatero Kasmirah, "khofi uja ankagula ndani? Wa m'kapepala kofiira uja, wa kusitolo ya pakona?"

"Khofi ndinkakupatsani, mayi, ngati mphatso ya munthu kwa mnzake. Kumene munkapita naye ndi nkhani ya inu ndi Mulungu wanu."

Apa m'pamene panagona mlandu wonse, ndipo Bambo Bayu anapaona kalekale. Mwa amayi onse aja panalibe amene sankadziwa za nduduzo. Ambiri mwa iwo, mwana akadwala kapena mwamuna akayamba kuchedwa kubwera, ankamunong'oneza Kasmirah kuti akawatchuleko pamtengo. Koma kudyetsa Agogo ndi kwina, kuvomera masanasana mu ofesi ya boma, pansi pa mbendera, kuti umadyetsa Agogo, ndi kwinanso. Chimenecho n'chimodzimodzi kumuuza munthu kuti avule pamsika. Timapemphera kasanu patsiku ndipo timatero ndi mtima wonse; za pamtengo timachita ndi dzanja limene linzake silikudziwa.

Wachiwiri anali Warsi. Mayi amene pakamwa pake sipankatsekeka ngakhale belu litalira anaima ngati mwana wasukulu, nalankhula ndi simenti ya pansi.

"Ine, bwana, maso anga amakhala pasizasi. Ukangoyang'ana kumbali, chala chapita."

Madzulo a tsiku lomwelo Warsi anatulukira kunyumba kwa Kasmirah atanyamula tempe wokulunga m'masamba, ndiwo yathu ya soya. Anaima pakhomo n'kuyamba kulira asanavule patapata.

"Akulu anga, ndimenyeni. Tengani chipande mundimenye pamutu pano."

"Khala pansi, Warsi, ukutchinga mphepo."

"Anandiitanira ku ofesi dzulo. Akuti wodula wopanda wopichira ndi sizasi chabe, ndipo masizasi ali mbwee m'sitolo. Mwana wanga uja sanamalize sukulu. Bambo ake mukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa."

"Andipatsa kamtsikana, akulu anga, kamapichira ngati kakupinda mkeka. Ndudu ina yonenepa ngati nthochi, ina yowonda ngati ine ndisanakwatiwe. Ndikadula ndimachita kutseka maso." Anafwenthera kumpango. "Tanenani kanthu, inu!"

Kasmirah anafunyulula masamba aja nanunkhiza. "Tempeyu wagula kwa ndani? Ngwadzulo."

Komabe anamukazinga, nadya onse awiri, osayang'anana. Anakhala moyang'anana moyo wawo wonse. Tsiku limenelo anakhala mogundana mapewa, maso kumsewu.

Posakhalitsa kampani inatumiza mthenga. Ankati Kasmirah angosayina kuti wasiya ntchito mwa kufuna kwake, ndipo alandira envelopu imene ankaitcha mphatso ya chikondi. Za kuba sizidzatchulidwanso.

"Landirani, mayi a ana," anatero Sarmin. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Inu mwakalambira m'fodya, mukuzidziwa kuposa ine."

"Envelopuyo ikandikhazikanso pakhomo la kachipinda ka shuga?"

"Ikugulirani shuga wanuwanu. Muzimulondera usana ndi usiku, ine ndizikuberani."

"Akuti sizidzatchulidwanso. Nanga zinatchulidwa kale zija azimeza ndani?"

Mthenga anabwerera ndi envelopu yake. Bambo Wiyoto analemba malangizo abwino kwambiri, a chilankhulo chosalala, onena kuti mlandu sunatsimikizidwe ndipo mayiyu abwezeredwe pantchito. Kampani inayankha ndi chilankhulo chosalala koposa, kuthokoza boma chifukwa cha nzeru zake, n'kuwakana. Nkhani ikanafera pamenepo, monga zimafera zinzake zambiri pabenchi ija, pakanapanda mboni imene sinaitanidwe.

Tsiku lina masana kukutentha, kamtsikana kaja kamene kanalowa m'malo mwa Kasmirah kanakuwa, kanagwa chagada, n'kuyamba kulankhula ndi mawu okhuthala a nkhalamba yaimuna: "Fodya wanga ali kuti? Fodya wanga ali kuti?" Wina anagwa, winanso, mpaka mzere wonse. Ena ankalira, ena ankaseka, ena anauma gwa ngati matabwa. Adokotala anati ndi kutentha, fumbi la fodya ndi kubwera kuntchito osadya, ndipo mwina sananame. Koma zinachitikanso sabata yotsatira, ndi inzake, ndipo magalimoto odzatenga katundu ankabwerera opanda kanthu.

A Haji anawerenga mavesi mpaka mawu anasasa. Lachinayi lotsatira, amayi onse okhala kumazenera anawaona akuyenda chamyatamyata kulowera kumtengo, atanyamula thireyi yovundikira ndi nyuzipepala. Pansi pa nyuzipepalayo panali khofi, maluwa ndi katoni yathunthu ya ndudu, ya chidindo cha msonkho chomwe. Kamera ya mbali imeneyo inali itawonongeka m'mawa womwewo. Koma kugwa sikunathe. Amayi ankati Agogo sasuta za m'paketi, ndipo safuna dzanja lachilendo. Mtolankhani wina atayamba kuzungulira pageti, kampani inakumbukira kuti imakonda mtendere.

Anakumananso kwa Bambo Wiyoto. Bambo Bayu anali ataonda pang'ono, ndipo padzanja lawo panali kachingwe kamene sikanalipo kale.

"Mayi, ife tonse ndife banja limodzi," anatero. "Panangokhala kusamvetsetsana. Kampani yavomera kuti mupume mwaulemu, ndi phukusi lanu lonse. Ntchito ikachuluka, woyamba kuitanidwa mudzakhala inu. Ndiponso, ngati mungakonde, mwa apo ndi apo Lachinayi, mutha kumadzaona mtengo uja. Monga mlendo."

"Kusamvetsetsana sikunakwere pabokosi, bwana. Munakwera ndinu."

"Ndiye mukufuna chiyani, mayi?"

"Mukanene m'holo muja, pamkuzamawu, ndi pakamwa panu, kuti Kasmirah sanabe. Mukanena, ndidzabwera kumtengo."

Bambo Bayu anakweza mutu. Anayang'ana kudenga kanthawi, ngati munthu amene akuwerenga malamulo olembedwa pamenepo, kenako nkhope yawo inamasuka. "Palibe vuto."

Bambo Wiyoto anakondwa kwambiri, poti pa madandaulo onse amene anamvapo, ili lokha ndi limene silinkadya ndalama ya munthu. Analemba okha m'pangano: m'holo yopichiramo, pamkuzamawu, ndi pakamwa pa Bambo Bayu, dzina litchulidwe momveka, mwezi usanathe. Anadinda zidindo, anaitana wojambula, onse anagwirana chanza moyang'ana kamera.

"Mwaona, mayi? Boma silitaya mwana wake."

"Tsikulo ndidzakhalepo, bwana?"

"Musadzivutitse," anatero Bambo Bayu. "Wopuma pantchito saloledwa m'holo, ndi malamulo a chitetezo. Anzanu adzakuuzani. Amayi aja mukuwadziwa, nkhani siigona m'kamwa mwawo."

Zimenezo zinali zoona, ndipo Kasmirah anazikhulupirira. Pofuna kuonetsa kuti iye si munthu wosunga mangawa, Lachinayi lomwelo anapita kumtengo asanamve chilichonse. Anapichira ndudu zitatu kukachipinda ka alonda, napereka nsembe monga kale. Kugwa kunatha. Adokotala anati n'chifukwa cha mafani atsopano.

Kenako anayamba kudikira. Madzulo alionse ankakhala pakhonde nthawi yoweruka, pamene njinga zamoto za amayi zimadutsa mumsewu ngati njuchi. Ankadziwa mmene zidzakhalire: wina adzaima, adzavula chisoti, adzathamanga akukuwa kuti tamva, achemwali, tamva! Anaganiziratu zoyankha, ankafuna kudzangoti, "Ndi zakale zimenezo," n'kufunsa za ana. Kunali ukwati wina mwezi wotsatira kuseri kwa mzikiti, ndipo anachapiratu nsalu yake yabwino. Njinga zinkadutsa. Ena ankaimba hutala, ena ankakweza dzanja. Palibe amene anaima.

"Mwina akuyeserera kaye pagalasi," anatero Sarmin. "Kupepesa kumafuna masewero olimbitsa thupi, makamaka kwa munthu amene sanayambe wachitapo."

Mwezi utatha, Warsi anabwera.

"Anena?" anafunsa Kasmirah asanamupatse ndi mpando womwe.

"Anena chiyani? Mkuzamawu uja ukungotiimbira nyimbo ndi kutiuza kuti tizisamba m'manja. Ine makutu ndimachita kuwatsuka m'mawa uliwonse, akulu anga. Palibe."

Kasmirah anakweranso minibasi, nakhalanso pabenchi, mpaka chitseko chinatseguka. Bambo Wiyoto anaimba foni, anamvetsera, anagwedeza mutu, ndipo nkhope yawo inawala.

"Zinachitikatu, mayi! Kampani yatumiza ndi kanema yemwe. Bwenzi makampani onse akanakhala osunga pangano chonchi." Anamutembenuzira foni.

Analidi Bambo Bayu, malaya osita bwino, cholankhulira chili kukamwa. Kumbuyo kwawo kunkaoneka khoma la holo, lobiriwira, ndi wotchi imene Kasmirah anakalamba akuiyang'ana. Analankhula momveka, osathamanga: "Kampani ikudziwitsa onse kuti Mayi Kasmirah sanabe kanthu kalikonse. Kampani ikupepesa." Mawuwo anamveka kawiri, poti khoma la kutsidya linawabweza.

Kasmirah anapempha kuti amuikirenso. Anamvetsera dzina lake likutuluka pakamwa paja, loyera, ndipo m'maso mwake munalengeza misozi. Kenako anakumbukira Warsi ndi makutu ake otsuka.

"Linali liti, bwana?"

Bambo Wiyoto anayang'ana pafoni, nasisita mphete yawo. "Pangano linati m'holo: ndi m'holo umu. Pamkuzamawu: nawu. Ndi pakamwa pawo: mwadzionera nokha. Mwezi usanathe: sunathe. Zonse zakwaniritsidwa, mayi, ndipo ndikuyamikireni, poti ambiri amene amakhala pabenchi apo safika pamene mwafika inupa." Anatseka chikuto cha mlandu nachiika pamulu wa milandu yotheka. "Tsiku simunatchule."

Chilengezocho chinawerengedwa Lamlungu m'mawa. Fakitale ya Mitsuko Iwiri sitsegula Lamlungu.